Ndani anali pa ntchito pamene Kabul inkagwa? Mmene aphungu a ku Britain anapanikizira unduna wawo wa zakunja

Loweruka masana pa 21 Ogasiti 2021, mnyamata wa zaka 25 wogwira ntchito ku unduna wa zakunja wa dziko la Britain, Raphael Marshall, anali pa kompyuta kuwerenga makalata ochokera ku Afghanistan. Makalatawo ankangogwa ngati mvula ya mu Januwale. Olemba ake anali oweruza milandu, atolankhani, amayi omenyera ufulu, asilikali ndi ena ambiri amene anathandizapo boma la Britain pa zaka 20 za nkhondo, ndipo pempho lawo linali limodzi: tichotseni kuno a Taliban asanatipeze. Malinga ndi umboni umene a Marshall anadzapereka pambuyo pake, masana a tsiku limenelo panalibe wina wowerenga makalatawo kupatula iwo okha. Mzinda wa Kabul, likulu la Afghanistan, unali utagwa m'manja mwa zigawenga za Taliban masiku 6 m'mbuyomo, ndipo kunali kutatsala sabata imodzi kuti ndege yomaliza inyamuke.

Boma silinaulule lokha nkhani imeneyi. Inatulukira kudzera mu komiti ya aphungu 11 ya Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster, yotchedwa Foreign Affairs Committee, imene kwa miyezi pafupifupi 9 inakhala ikuitana nduna, alembi aakulu ndi akazembe, kuwafunsa mafunso amene ena ankawaona ngati aang'ono: munapita liti ku tchuthi, munabwerako liti, pa desiki panali anthu angati, ndani analamula zakutizakuti. Kafukufuku ameneyu ndi chitsanzo chabwino kwambiri kwa aliyense wofuna kumvetsa zimene aphungu angathe kuchita ndi unduna wa zakunja, komanso pamene mphamvu zawo zimathera.

Unduna wa zakunja ndi wovuta kuulondola kusiyana ndi maunduna ena. Chipatala chikasowa mankhwala, wodwala amadziwa tsiku lomwelo ndipo phungu wa deralo amamva madandaulo asanafike ndi kunyumba komwe. Msewu ukakumbika aliyense amauona. Koma ntchito ya akazembe imachitikira kutali, m'zipinda zotseka, ndipo zambiri zimabisidwa ponena kuti ndi chinsinsi cha boma. Ku Britain kulinso chinthu china. Mphamvu zopanga ubale ndi maiko ena, kutumiza akazembe ngakhalenso kulowa m'nkhondo kale zinali za mfumu, ndipo lero nduna ndi zimene zimazigwiritsa ntchito m'dzina la mfumuyo popanda lamulo lozikakamiza kupempha chilolezo kwa aphungu. Choncho chida chachikulu chimene aphungu ali nacho ndi kufunsa, kufunsa poyera, ndi kulemba mayankhowo kuti asafufutike.

Makomiti olondola unduna uliwonse paokha anakhazikitsidwa mu 1979. Kwa zaka zambiri akuluakulu a zipani ndi amene ankasankha amene alowe m'makomitiwa, zimene zinkachititsa kuti phungu wovuta asiyidwe panja. Zinasintha mu 2010, pamene anagwirizana kuti wapampando wa komiti azisankhidwa ndi aphungu onse a m'Nyumbamo mwa voti yachinsinsi. Kusintha kumeneku kukuoneka kochepa, koma ndi kumene kunapatsa apampando msana, chifukwa mpando wawo sachita kupatsidwa ndi nduna yaikulu. Mu 2021 wapampando wa komiti ya zakunja anali a Tom Tugendhat, a chipani cholamula cha Conservative, chipani chimodzimodzi ndi nduna imene ankaifunsa. Aphungu ambiri m'komitiyo analinso a chipani chomwecho. A Tugendhat anali atagwirapo ntchito ya usilikali ku Afghanistan, kumene asilikali a Britain 457 anatsikira kulichete, ndiye nkhaniyi inkawakhudza pamtima.

Komiti yotere ili ndi mphamvu yoitana anthu ndi kuitanitsa zikalata. Ilibe mphamvu yochotsa munthu ntchito, kusintha ndondomeko ya boma kapena kulanga wina aliyense. Nduna siingakokedwe mokakamiza kukaonekera, ngakhale kuti kukana kumaichititsa manyazi kwambiri kotero kuti nduna zambiri zimapita. Mphamvu zakale zolanga munthu wonyoza Nyumba zinachita dzimbiri: chindapusa chomaliza chinaperekedwa mu 1666, ndipo munthu womaliza wosakhala phungu kutsekeredwa ndi Nyumbayo anatsekeredwa mu 1880. Pamene a Dominic Cummings, amene anatsogolera kampeni yoti Britain ituluke m'mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, anakana kukaonekera pamaso pa komiti ina, Nyumba inangowadzudzula mu 2019, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Lipoti la komiti likatuluka, boma limayenera kuyankha polemba pasanathe miyezi iwiri, koma likhoza kuyankha kuti sitikugwirizana nazo.

Tsono ndi zida zochepa zimenezi, komiti inayamba ntchito pa 1 Seputembala 2021, Nyumba ili pa tchuthi. Amene anakhala pa mpando wa mboni anali nduna ya zakunja, a Dominic Raab. Nkhani inali itamveka kale kuti pamene a Taliban ankalanda mizinda umodziumodzi, a Raab anali pa tchuthi ku chilumba cha Crete ku Greece, ndipo anabwerera Kabul itagwa kale. Zinamvekanso kuti akuluakulu a mu unduna anawalangiza pa 13 Ogasiti kuti aimbire foni nduna inzawo ya ku Afghanistan, a Hanif Atmar, kukambirana za omasulira amene ankagwira ntchito ndi asilikali a Britain. A Raab anasiyira ntchitoyo nduna yaing'ono, ndipo foniyo sinaimbidwe n'komwe. Aphungu anawafunsa mobwerezabwereza tsiku limene ananyamuka kupita ku tchuthiko. Iwo anakana kulitchula.

Koma funso lolemera pa tsikulo linali la ndondomeko. A Raab anauza komiti kuti akatswiri a zaukazitape ankaona kuti n'zokayikitsa kuti Kabul ingagwe m'chaka chimenecho. A Tugendhat anatenga pepala n'kuwerenga mawu ochenjeza kuti a Taliban akupita patsogolo mofulumira, mizinda ikhoza kugwa, asilikali a boma akhoza kubalalika ndipo ofesi ya kazembe ikhoza kutsekedwa. Nduna inafunsa kuti mawuwo akuchokera kuti. Wapampando anayankha kuti ndi lipoti la unduna wawo womwewo, la pa 22 Julayi, milungu itatu ndi masiku angapo Kabul isanagwe. Kamphindi kameneka kakuonetsa ntchito yeniyeni ya komiti. Phungu amene wawerenga, amene ali ndi chikalata m'manja, amafunsa funso limene nduna siingalizembe ndi mawu okoma. Patapita milungu iwiri, pa 15 Seputembala, nduna yaikulu Boris Johnson inasamutsa a Raab kupita ku unduna wa zachilungamo, n'kuwapatsanso udindo wa wachiwiri kwa nduna yaikulu. A Liz Truss ndi amene analowa m'malo mwawo. Ena anati atsitsidwa, ena anati akwezedwa.

Kuti timvetse zimene zinalakwika, tiyenera kudziwa kuti anthu ofuna kutuluka anali m'magulu atatu. Panali nzika za Britain. Panali amene analembedwa ntchito mwachindunji ndi boma la Britain, monga omasulira a asilikali, amene ndondomeko yawo yotchedwa ARAP inayamba mu Epulo 2021 ndipo inkayendetsedwa ndi unduna wa zachitetezo. Ndiye panali gulu lachitatu, la anthu amene sanali pa malipiro a Britain koma anaika moyo wawo pachiswe pothandiza zolinga zake: oweruza amene anamanga a Taliban, atolankhani, aphunzitsi, ogwira ntchito m'mabungwe. Gulu limeneli linali m'manja mwa unduna wa zakunja. Mgwirizano wa ku Doha wa pakati pa America ndi a Taliban, umene America inalonjeza kuchotsa asilikali ake, unasainidwa pa 29 Febuluwale 2020. Pulezidenti Joe Biden anatsimikiza za kuchokako mu Epulo 2021. Unduna unali ndi miyezi pafupifupi 18 yokonzekera, koma komiti inapeza kuti ndondomeko ya gulu lachitatuli inapangidwa mothamanga mzinda utagwa kale. Akuluakulu amati nkhanga zinapangana kusanache. Apa kunacha anthu asanapangane kuti apulumutse ndani, posiya ndani, ndipo asankhe potengera chiyani.

Apa ndi pamene umboni wa a Marshall unasinthira nkhani yonse. Iwo anasiya ntchito mu Seputembala, n'kulemba mwatsatanetsatane zimene anaona, ndipo komiti inazitulutsa poyera pa 7 Disembala 2021. Anayerekeza kuti anthu a pakati pa 75,000 ndi 150,000, kuwerengera ndi mabanja awo, anapempha thandizo kudzera m'njira yachitatuyi, ndipo amene anathandizidwa sanafike 5 pa 100 alionse. Anati nthawi zambiri makalata osawerengedwa ankapitirira 5,000. Anati pa gulu lawo panalibe amene anaphunzirapo za Afghanistan kapena kugwirapo ntchito yokhudza dzikolo, koma ndi iwo amene ankasankha mayina a oti akwere ndege. Anati asilikali amene anabwera kudzathandiza anakhala akubwerekana kompyuta imodzi chifukwa chosapatsidwa zolowera. Anatinso panafika nthawi imene makalata ankangotsegulidwa kuti aoneke ngati awerengedwa popanda kuchitapo kanthu, ndipo iwo ankakhulupirira kuti cholinga chinali chakuti akuluakulu athe kuuza aphungu kuti palibe kalata yosawerengedwa. A Raab anakana zambiri mwa zimenezi, nati wonenayo anali wantchito wamng'ono amene sankaona chithunzi chonse.

N'zoona kuti anali wamng'ono pa udindo. Koma kwa ine mfundo yagona pomwepo. Ngati munthu wa udindo waung'ono chonchi ndi amene anasiyidwa yekha ndi mayina a anthu oti afe kapena apulumuke, funso liyenera kupita kwa amene anamusiya. Anthu ambiri akamva zoti aphungu akufunsa za chiwerengero cha antchito, mashifiti ndi makompyuta, amaona ngati ataya nkhani yaikulu n'kuyamba kutola zinyenyeswa. Nkhani ya Kabul ikutiphunzitsa zina. Boma likhoza kulengeza pa wailesi kuti silidzataya abwenzi ake, koma lonjezo limenelo limakwaniritsidwa kapena kuphwanyidwa ndi munthu amene wakhala pa desiki usiku wa Loweruka. Ngati palibe amene wakhalapo, ndondomekoyo kulibe, ngakhale italembedwa bwino chotani.

Tsiku lomwelo la 7 Disembala, komiti inafunsa mlembi wamkulu wa undunawo, a Sir Philip Barton, amene ndi mkulu wa antchito onse. Anabwera pamodzi ndi a Sir Laurie Bristow, kazembe amene anakhalabe pa bwalo la ndege la Kabul mpaka kumapeto, ndi a Nigel Casey, nthumwi yapadera ya nduna yaikulu pa nkhani za Afghanistan. Atapanikizidwa, a Barton anavomera kuti anali pa tchuthi ndipo anabwerera pa 26 Ogasiti, patapita masiku 11 Kabul itagwa. Limenelo ndi tsiku limene bomba linaphulika pa chipata cha bwalo la ndege n'kupha asilikali a America 13 ndi anthu a ku Afghanistan pafupifupi 170. Anauza aphungu kangapo kuti nthawi ikanabwerera m'mbuyo akanabwerako msanga, koma anaumirira kuti kusakhalapo kwawo sikunasinthe chiwerengero cha opulumutsidwa. Aphungu a mbali zonse ziwiri sanakhutire.

Pali lamulo lina la m'kati mwa boma loyenera kulidziwa pano. Ku Britain wantchito wa boma akamaonekera pamaso pa komiti, amalankhula m'malo mwa nduna yake ndipo amatsata malangizo a ndunayo. Malangizo amenewa amatchedwa Osmotherly, dzina la mkulu wina wa m'boma amene anawalemba, ndipo anatuluka poyera mu 1980. Nyumba ya Malamulo sinawavomerezepo, koma boma limawatsatira. Maganizo ake ndi akuti nduna ndi imene inasankhidwa ndi anthu, ndiye ndi imene iyenera kuyankha. Vuto limabwera pamene nduna ikuti nkhani ya antchito ndi ya mlembi wamkulu, mlembi wamkulu n'kumati ine ndimangotsata zimene nduna yalamula. Mlandu umagwera pakati. Zimenezi sizachilendo kwa ife, poti ku Malawi nakonso mlembi wamkulu ndi amene amakayankha za ndalama za unduna ku komiti ya aphungu, pamene nduna imayankha za ndondomeko m'Nyumba, ndipo kachitidwe kameneka tinatengera ku Westminster komweko.

Chisokonezo cha mu Ogasiti chinali ndi mizu yake chaka chimodzi m'mbuyomo. Mu Juni 2020 a Johnson analengeza kuti akuphatikiza unduna wa zakunja ndi DFID, nthambi yoona za chithandizo cha maiko osauka imene Amalawi ambiri ankaidziwa kudzera m'ntchito za umoyo ndi maphunziro. Unduna watsopano, FCDO, unayamba pa 2 Seputembala 2020, mliri wa Covid-19 uli pakati. Mu Novembala chaka chomwecho boma linalengeza kuti lichepetsa ndalama za chithandizo kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 pa 100 ya chuma chimene dzikolo limapeza pa chaka, ndipo mu Julayi 2021 aphungu anavomereza kudulako ndi mavoti 333 kwa 298. Antchito ambiri anathera miyezi imeneyo akuwerengera mapulojekiti oti atseke. Kabul ikugwa, makompyuta a mbali ziwirizi anali asanalumikizidwe bwino, ndipo a Marshall anachitira umboni kuti anzawo ochokera ku DFID amene anadzipereka kuthandiza ankalephera kugwiritsa ntchito zikalata zimene gulu linkagwirira ntchito. Chiganizo chimene chinapangidwa pa zifukwa za ndale mu 2020 chinadzaonekera zotsatira zake pa chipata cha bwalo la ndege mu 2021.

Kenako panabuka nkhani ya agalu ndi amphaka, imene inatenga nthawi yambiri ya komiti kuposa mmene ena ankafunira. Msilikali wakale wa Britain, a Pen Farthing, ankayendetsa bungwe losamalira ziweto ku Kabul lotchedwa Nowzad, ndipo anachita kampeni yaikulu kuti antchito ake ndi ziwetozo zitulutsidwe. Mapeto ake iwo anatuluka pa ndege yobwereka ndi agalu ndi amphaka opitirira 150. Antchito awo anatsala, n'kudzatuluka pambuyo pake pa msewu kudzera ku Pakistan. Komiti sinkalimbana ndi ziwetozo. Inkafuna kudziwa amene analamula kuti antchito a bungweli aikidwe patsogolo pa mndandanda, pamene sanali m'gulu la amene moyo wawo unali pangozi yaikulu, komanso pamene oweruza ndi omasulira ankadikira padzuwa kunja kwa mpanda. A Marshall anati lamulo linachokera kwa nduna yaikulu. A Johnson anakanitsitsa. Mu Januwale 2022 komiti inatulutsa kalata ya m'kati mwa unduna, yochokera mu ofesi ya nduna yaing'ono Lord Goldsmith, yonena kuti nduna yaikulu yaloleza kuti antchito ndi ziwetozo zitulutsidwe. A Barton anachita kulembera komiti kupepesa kuti mayankho ena amene anapereka sanali olondola, ngakhale anati sanachite dala.

Kufunika kwa nkhaniyi n'kwakuti inayesa ngati unduna ungauze aphungu zoona pa funso losavuta. Ngati pa chiganizo chimodzi chodziwika bwino palibe amene akukumbukira wolamula, palibe chikalata chosonyeza mmene chinapangidwira, ndiye pa ziganizo zina zikwizikwi zosadziwika zinthu zinayenda bwanji?

Lipoti linatuluka pa 24 Meyi 2022, ndipo mawu ake anali owawa kuposa mmene makomiti a ku Westminster amalembera nthawi zambiri. Linayamikira asilikali ndi antchito amene anagwira usana ndi usiku n'kutulutsa anthu pafupifupi 15,000 m'milungu iwiri. Koma linati kachokedwe ka Britain ku Afghanistan kanali tsoka komanso kupereka abwenzi, ndipo kadzaononga mbiri ya dzikolo kwa zaka zambiri. Linati kupezeka kwa nduna yaikulu, nduna ya zakunja ndi mlembi wamkulu onse pa tchuthi nthawi yotereyi kunasonyeza kusowa kwa utsogoleri. Linadzudzula kusiyidwa kwa zikalata zokhala ndi mayina a antchito a ku Afghanistan m'nyumba ya kazembe, zimene mtolankhani wa nyuzipepala ya The Times anakazipeza a Taliban atalowamo kale. Linati mayankho amene komiti inalandira anali ozemba mwadala, ndipo kawirikawiri osocheretsa. Pomaliza linati komiti yataya chikhulupiriro mwa a Barton ndipo aganizire zotula pansi udindo.

A Barton sanatule. Boma linawaikira kumbuyo, linavomera kuti pali maphunziro oti litengepo, koma linakana zoti akuluakulu ake ananamiza aphungu mwadala. Iwo anakhalabe mlembi wamkulu mpaka mu Januwale 2025. A Raab anadzachoka m'boma mu Epulo 2023 pa nkhani ina, ya madandaulo a antchito pa mmene ankawachitira. A Johnson anagwa mu 2022 pa zifukwa zinanso. Munthu akhoza kunena kuti komiti inauwa popanda kuluma, ndipo pa nkhani yochotsa anthu ntchito akhoza kukhala kuti akunena zoona.

Komabe sindikuvomereza kuti ntchitoyo inapita pachabe. Komiti isanayambe, nkhani imene boma linkafotokoza inali ya chipambano: ndege zambiri, anthu 15,000, asilikali olimba mtima. Zonsezo zinali zoona, koma zinali theka. Theka linalo, la makalata osawerengedwa, la mndandanda wopangidwa popanda muyeso, la akuluakulu osapezeka, lili m'mabuku a Nyumba ya Malamulo lero, ndi masiku ake, mayina ake ndi mayankho a eni ake. Maloya a anthu a ku Afghanistan amene anatsala angathe kuliwerenga. Mlembi wamkulu aliyense wobwera m'tsogolo akudziwa kuti tsiku limene anapita ku tchuthi lidzafunsidwa poyera. Mlandu suola, ndipo ntchito ya komiti inali kuonetsetsa kuti mlanduwo walembedwa pamene mboni zikadakumbukira.

Pali mbali imodzi ya nkhani ya antchito imene aphungu a ku Britain alibe mphamvu ngati anzawo a maiko ena, ndiyo kusankha akazembe. Ku America kazembe sangapite ku ntchito nyumba ya Senate isanamuvomereze. Ku Malawi, ndime 190 ya malamulo oyendetsera dziko imati akazembe amasankhidwa ndi Pulezidenti koma ayenera kutsimikizidwa ndi komiti ya aphungu yoona za kusankha anthu m'maudindo, imene ingawafunse za luso lawo ndi kukhulupirika kwawo pa ndalama. Ku Britain boma limangosankha. Ndi mmene a Peter Mandelson, wandale wodziwika wa chipani cha Labour, anapitira ku Washington kumayambiriro kwa 2025 popanda voti ya aphungu, n'kudzachotsedwa pa 11 Seputembala chaka chomwecho zitaululika zambiri za ubwenzi wawo ndi Jeffrey Epstein, munthu wolemera wa ku America amene anapezeka wolakwa pa mlandu wa zachiwerewere wokhudza mtsikana wamng'ono. Mafunso a aphungu anabwera madzi atatayika kale.

Pa pepala, ndiye kuti phungu wa ku Lilongwe ali ndi chida chimene wa ku London alibe. Koma kufunsa munthu pa khomo tsiku limene akulowa ntchito ndi gawo lochepa chabe. Zimene komiti ya a Tugendhat inachita zinali kulowa m'nyumbamo n'kuona mmene ntchito ikuyendera: ofesi ili ndi anthu angati, ndi angati amene anaphunzira ntchitoyo, ndani amadziwa chilankhulo cha dziko limene ali, ndani amayankha foni usiku. Mafunso amenewa ali ndi tanthauzo kwa banja lililonse limene lili ndi mwana ku Johannesburg kapena ku Durban. Mu 2015, pamene anthu obwera ankachitidwa chipongwe ku South Africa, Amalawi ambirimbiri anabwerera kwawo pa mabasi amene boma linakonza, ndipo tsiku ngati limenelo chimene chimapulumutsa munthu ndi wantchito wa ku ofesi ya kazembe amene ali ndi mndandanda wolondola ndi foni yoyankhidwa.

Chimene chimandivutitsa mtima kwambiri pa nkhani yonseyi ndi mmene komiti inapezera choonadi. Mphamvu yake yoitanitsa zikalata sinali yokwanira. Zimene zinatsegula chitseko zinachokera kwa antchito awiri amene anasankha kulankhula. Umboni woperekedwa ku komiti umatetezedwa ndi mwayi wapadera wa Nyumba ya Malamulo, wochokera ku lamulo la 1689, kotero kuti mboni siingazengedwe mlandu wonyoza munthu chifukwa cha zimene yanena kumeneko. A Marshall anali atasiya kale ntchito pamene ankalemba. Wachiwiri, mayi Josie Stewart, anali akadali pa ntchito. Anali atagwirapo ntchito ku ofesi ya kazembe ku Kabul, ndipo anadzipereka kukathandiza m'chipinda choyendetsera ntchito yopulumutsa anthuyo. Ataona kuti zimene akuluakulu akunena poyera zikusiyana ndi zimene iwo anaona, analankhula ndi BBC mobisa dzina n'kupereka makalata a m'kati okhudza Nowzad. Mtolankhani anaika chithunzi cha makalatawo pa intaneti mosasamala, dzina lawo n'kuonekera. Mu Malichi 2022 anapereka umboni ku komiti m'dzina lawo lenileni, wogwirizana ndi wa a Marshall pa mfundo zikuluzikulu.

Unduna unawalanda chilolezo choona zinsinsi za boma, kenako n'kuwachotsa ntchito m'chaka chomwecho cha 2022. Komiti imene inagwiritsa ntchito umboni wawo inalibe mphamvu yowabwezera pa ntchito. Anakasuma ku bwalo loona milandu ya apantchito, ndipo boma linalimbana nawo mpaka kumapeto. Chigamulo chinatuluka mu Febuluwale 2025: bwalo linapeza kuti anachotsedwa mopanda chilungamo, ndipo kulankhula kwawo ndi atolankhani kunali kotetezedwa ndi lamulo chifukwa kunali kokomera anthu onse. Pamene chigamulocho chinkawerengedwa, panali patapita zaka zitatu ndi theka kuchokera pamene Kabul inagwa, ndipo mlembi wamkulu amene komiti inati atule pansi anali atachoka pa udindo wake mwaulemu mwezi umodzi m'mbuyomo.